Chisanu choyamba ku Dresden: momwe ntchito yolimbana ndi chuku ikuyendera

28 Okutobala

Chandiyambitsa kulemba ndi khoma la kuchipinda kwa ana. Dzulo ndinakankha wadiropu kuti nditole sokosi yomwe inagwera kuseri, ndiye ndangoona khoma lili bii, timadontho takuda kuyambira pansi mpaka kufika m'chiuno mwangamu. Chuku. Fungo lake ndinali nditalimva kwa masabata awiri, koma ndinkanamizira nsapato za mnyamata wanga, mpaka ndinamukalipira kawiri konse. Nyumbayi, kuno ku Dresden m'dziko la Germany, tinalowamo mu Meyi makoma ali mbee, choncho chala chilibe kwina koloza.

Bambo a ana akuti tiitenge ngati ntchito, tizilemba zimene tachita ndi zimene zatulukapo, monga amachitira kuntchito kwawo. Onena ndi iwo, wolemba ndine. Chomwe tikufuna n'choti khomali liume ndipo likhale louma mpaka Malichi, koma ndalama zisathere ku mahita. Ana aonjezerapo chawo: akufuna Khrisimasi ya kuno, yonse yathunthu, monga akuimvera kwa anzawo kusukulu. Ndavomera ndisanadziwe kuti ili ndi zigawo zingati.

Mawotchi tinabweza ndi ola limodzi Lamlungu lapitali. Tsopano ikamakwana 5 koloko madzulo kunja kumakhala kukuda kale.

30 Okutobala

Woyang'anira nyumba, yemwe kuno amati Hausmeister, anabwera m'mawa. Ndi bambo wachikulire wosachulutsa mawu. Anayang'ana khoma, anayang'ana mawindo omwe anali akutuluka thukuta mpaka madzi kuyenderera pansi, kenako maso ake anaima pa zovala zomwe ndinayanika pakati pa chipinda.

"Mayi, mawindowa mumatsegula kangati patsiku?"

Ndinayankha monyadira, mtsikana wanga akumasulira. "Sititsegula n'komwe, bambo. Tikusunga kutentha."

Anayamba atsinzina kaye. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya mwezi wathunthu.

Zimene anafotokoza ndi izi, momwe ndazimvera. Mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 20, kiyubiki mita imodzi ya mpweya itha kusunga magalamu 17 a madzi, pomwe pa madigiri 0 imalekeza pa magalamu 5. Anthu anayi tikamapuma, kuphika, kusamba ndi kuyanika zovala, madzi onsewo amangoyendayenda m'nyumba, ndipo akakhudza chinthu chozizira amasanduka mame. Malo ozizira koposa ndi khoma loyang'ana kunja, makamaka kuseri kwa wadiropu komwe kutentha kwa hita sikufika. Pamenepo ndiye pamunda pa chuku.

Mankhwala ake ali ndi dzina lakelake, Stoßlüften. Umatsitsa hita, n'kutsegula mawindo onse kuti gwaa kwa mphindi zisanu, mphepo idutse, kenako n'kutseka. Katatu kapena kanayi patsiku, kaya kunja kukuzizira bwanji. Mpweya wozizirawo umalowa uli wouma, ndipo ukafunda umayamba kumwa chinyezi cha m'nyumba. Makoma sakhala atazizira m'mphindi zisanu zokhazo. Chomwe anandiletsa motsindika ndi kupendeketsa windo pang'ono tsiku lonse, popeza mawindo a kuno amatheka kutsegukira kumwamba kokha. Akuti kutero kumangoziziritsa khoma lozungulira windo, ndalama n'kumatulukira pampatawo.

2 Novembala

Ndagula kachipangizo koyezera chinyezi, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Ndikanagula pa 31, koma masitolo anali otseka. Kuno ku Sachsen, chigawo cha Germany momwe muli Dresden, limeneli ndi tchuthi chokumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 za mu 1517. Nditakaika kuchipinda kwa ana kanawerenga 74 peresenti. Kamayenera kukhala pakati pa 40 ndi 60.

Khoma ndalipukuta ndi sipiriti wa ku famase, nditavala magolovesi ndi chotchinga kukamwa, nsanza zake n'kutaya. Wadiropu yatalikirana ndi khoma kutalika kwa chikhatho. Zovala zasamukira kuchipinda choyanikira chomwe chili pansi pa nyumba, chimene miyezi yonseyi ndinkachilambalala poganiza kuti chili ndi eni ake. Chikhalirenicho n'cha tonse.

9 Novembala

Chinyezi chatsika kufika pa 63. Mtendere m'nyumba nawo watsika.

Nthawi ya 6 koloko m'mawa ndikatsegula mawindo, mnyamata amakuwa ali m'bulangete: "Amayi, mukufuna mutiphe kodi?" Bambo ake samakuwa, amangodzuka mwakachetechete n'kukapotokola hita mpaka pa 5. Apa ndiye tinakangana. Manambala a pa hita si a liwiro ayi, ndi a pomwe kutentha kukalekezere. Pa 2 ndi madigiri pafupifupi 16, pa 3 ndi 20, pa 5 ndi 28. Ukaika pa 5 chipinda sichifunda msanga, chimangopitirira kufunda munthu utachokapo kale. Ndinawauza kuti, "Bambo a ana, inu ophunzira zamakina, izi mumve kwa ine?" Anaseka, koma mawa lake ndinapeza ali pa 4. Tagwirizana pa 3 pabalaza, 2 ndi theka kuzipinda zogona.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'choti ndalama ya kutentha timalipira mongoyerekeza mwezi ndi mwezi pamodzi ndi lendi. Pa hita iliyonse pali kamita kakang'ono, ndipo kamodzi pachaka amawerengetsa zenizeni. Ukapitirira, kalata imabwera yoti uonjezere. Ndiye tikuotha moto womwe mtengo wake tidzaumva chaka chamawa.

11 Novembala

Tsiku la Martin woyera, msilikali uja anadula chovala chake pakati n'kugawira wopemphapempha. Ana amapanga nyali zamapepala kusukulu n'kuyenda nazo mumsewu kukada, akuimba. Ya mnyamata inali ya nkhandwe, khutu limodzi linathothoka tisanafike pakona. Pomaliza anagawa timabanzi topindika ngati nyanga, ndipo lamulo lake n'loti usadye wekha, unyeme pakati upatse wina. Mnyamata ananyemera gogo wina amene anaima pafupi nafe, ndipo titayang'anitsitsa tinapeza kuti ndi agogo a nyumba yapansi pathu, omwe kuyambira Meyi timangogwedezerana mutu pamasitepe. Tinabwerera limodzi. Chijeremani changa ndi cha mwana woyamba kuyankhula, koma tinamvana kuti iwonso akudziwa za chuku chathu. M'nyumba zosanjikizana mulibe chinsinsi.

22 Novembala

Chinyezi chili pa 58. Koyamba kutsika pansi pa 60.

Lachitatu ndinapezanso masitolo otseka. Ndi tsiku la kulapa ndi kupemphera, Buß- und Bettag, lomwe m'dziko lonse la Germany ndi tchuthi ku Sachsen kokha. Zigawo zina zinalisiya mu 1995, ndipo ogwira ntchito kuno amadulidwa kochulukirapo pang'ono pa inshuwalansi ya chisamaliro kuti tsikuli likhalepobe. Bambo a ana akuti ndiye kuti kugona kwawo kwa Lachitatu anachita kugula.

Galimoto yavala matayala a chisanu, okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi kachipale. Akakupeza pamsewu woterera ulibe amenewa, chindapusa chake chimayambira pa mayuro 60. Nkhani imeneyo yatha.

Lamlungu loyamba la Advent

Advent ndi nyengo ya Malamlungu anayi yodikira Khrisimasi, ndipo apa ndiye payambira gawo la ana. Nkhata ya nthambi za paini ili patebulo ndi makandulo ake anayi, ndipo lero tayatsa imodzi. Lamlungu lililonse tiziwonjezera ina. Mtsikana wabwera ndi mbiri yake kuchokera kusukulu: anayambitsa ndi Johann Hinrich Wichern mu 1839 ku Hamburg, kunyumba yolerera ana ovutika, atatopa ndi funso lakuti Khrisimasi ifika liti. Anatenga gudumu la ngolo n'kuikapo makandulo, ang'onoang'ono a masiku wamba ndi akuluakulu a Lamlungu, kuti anawo aziwerenga okha. Bamboyo ndikumumvetsa kwambiri.

Chomwe chatidyera tsiku lonse ndi nyenyezi ya Herrnhut. Imabwera m'bokosi ili zidutswazidutswa, nsonga 25, ndipo 17 ndi za ngodya zinayi kutsinde kwake pomwe 8 ndi za ngodya zitatu. Umazilumikiza ndi timapini tating'ono tomwe umalowetsa m'tizibowo n'kupinda chamkati. Bambo a ana anakankhira pambali pepala la malangizo, amvekere, "Izi n'zoonekeratu." Patatha ola anali ndi chinthu chonga nungu yogundidwa ndi galimoto, nsonga ziwiri za ngodya zitatu zitagundana pomwe siziyenera kugundana. Anamasula zonse. Mtsikana anatola pepala lija n'kumawerenga mokweza, iwo akumvera ngati mwana wa sukulu. Povuta penipeni ndi kumapeto, mpira ukatsala pang'ono kutsekeka, chifukwa dzanja la munthu wamkulu silikwananso kulowa kuti lipinde timapini. Nsonga zitatu zomaliza anamanga ndi mnyamata, lilime lili panja, kadzanja kali m'mimba mwa nyenyezi mpaka m'chigongono.

Herrnhut ndi katauni kakang'ono kum'mawa kwa Dresden, kwawo kwa mpingo wa Moravia. Nyenyezizi zinayambira m'masukulu awo ogonera komweko m'zaka za m'ma 1800, momwe munkakhala ana ambiri a amishonale, makolo awo ali kutsidya kwa nyanja. Ankazipanga pophunzira masamu, kenako zinasanduka chizolowezi cha Advent. Nditamva zimenezi ndinakhala kaye chete. Ana otalikirana ndi kwawo, akumata mapepala mumdima wa Disembala. Yathu tayipachika pawindo la pabalaza, zomwe zikutanthauza kuti potsegula windolo katatu patsiku ndiyenera kuigwira ndi dzanja limodzi.

6 Disembala

Usiku wathawu ana anapukuta majombo awo mpaka kuwala, n'kuwaika pakhomo kuti Nikolaus, woyera yemwe ana kuno amati amabweretsa mphatso, aikemo zabwino. Nsapato zomwe ndakhala ndikuchonderera kuyambira Seputembala kuti zitsukidwe! Ine ndinaikamo malalanje ndi chokoleti cha m'ma 11 usiku. M'mawa tapezamo zoposa zimene ndinaika: mtedza wa m'zikamba ndi timabisiketi tomangidwa m'kansalu. Palibe wavomera, koma masitepe a pansi ndinawamva akulira cha m'ma 5.

10 Disembala

Tinapita ku Striezelmarkt, msika wa Khrisimasi wa pa bwalo la Altmarkt. Unayamba mu 1434 ngati msika wa tsiku limodzi wogulitsa nyama, lero umatenga pafupifupi mwezi. Pakati pali nsanja yamatabwa yozungulira, yotalika mamita 14, ndipo anthu ndi ochuluka moti suyenda, umangotengedwa. Kunena zoona ine sunandikomere kwenikweni. Kuzizira kumalowera kuzala zakumapazi, zinthu n'zodula, ndipo theka la nthawi ndimawerenga mitu ya ana anga. Chakumwa chotentha amakupatsira m'kapu yadothi yomwe umalipirira chikole, ukabweza kapu akubwezera ndalama. Mnyamata anakana kubweza yake.

Chomwe ndinabwera nacho chokondweretsa ndi Stollen, buledi wolemera wa zipatso zouma, wokutidwa ndi shuga mbuu. Dzina loti Dresdner Christstollen ndi lotetezedwa ndi lamulo, amaloledwa kulitchula ophika a mu Dresden ndi madera ozungulira okha. Wogulitsa anatiuza kuti kale buledi ameneyu anali wosakoma, chifukwa Advent inali nyengo yosala ndipo batala ankaletsedwa. Akalonga a ku Sachsen anachita kulembera kalata ku Roma, ndipo chilolezo chinabwera mu 1491 kuchokera kwa Papa Innocent VIII. Anthu kudandaula mpaka kwa Papa chifukwa cha batala. Nditalawa ndinaona kuti mlandu wawo unali womveka.

16 Disembala

Tabwerera m'mbuyo. Pakona ya windo la kuchipinda kwathu patuluka timadontho, ndipo kachipangizo kakuti 67. Nditafufuza ndapeza zifukwa ziwiri. Bambo a ana akhala akupendeketsa windo usiku wonse, ati kuti asavutike ndi kutsegula kwa m'mawa. Chachiwiri ndi ine. Sabata yonseyi ndatsegula kamodzi kokha patsiku, mwina osatsegula n'komwe, ndipo zovala zinabwereranso pabalaza chifukwa masitepe opita pansi ndimangowaona kutalika.

Ndilembe zoona, popeza zolembazi ndi za zimene zachitika. Thupi langa lalemera. Ana amapita kusukulu kuli mdima, pobwera dzuwa likulowa, ndipo masiku ambiri dzuwalo silioneka n'komwe, kumwamba kumangokhala phulusa lokhalokha kuyambira m'mawa. Ndimagona maola okwanira koma ndimadzuka ngati ndasenza miyala. Amayi anaimba Lamlungu, atangondiona pafoni anati, "Mwanawe, ukudwala?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga nkhopeyo?"

Adokotala anandiyeza magazi n'kupeza kuti vitamini D ndi wochepa. Akuti kuno kuyambira Okutobala mpaka Malichi dzuwa limakhala lofooka moti khungu silipanga vitaminiyu mokwanira, ndipo kwa ife akhungu lakuda zimavutirapo. Andipatsa mapilitsi, n'kundilamula kuti ndiziyenda panja masana aliwonse ngakhale kuli mitambo. Ndayamba kuyenda m'mbali mwa mtsinje wa Elbe ikakwana 12 koloko, theka la ola. Pakona paja ndapukutanso.

21 Disembala

Tsiku lalifupi koposa. Dzuwa latuluka 8 koloko itadutsa pang'ono, lalowa cha m'ma 4. Maola osakwana asanu ndi atatu.

Madzulo agogo anandiitanira kwawo kuti ndikaone uta wa makandulo womwe uli pawindo lawo, Schwibbogen. Ndi wamatabwa, wosemedwa anthu awiri a mumgodi. Kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Erzgebirge, kumwera kwa kuno, ndipo akuti amuna a kumeneko m'chisanu ankalowa pansi kusanache n'kutuluka kutada, osaliona dzuwa masabata ndi masabata. Kuwala kwa pawindo kunali kowalandira. Ndinawauza, m'Chijeremani changa chothyokathyoka, kuti inenso mwezi uno ndine wa mumgodi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati tsopano masiku ayamba kutalika, pang'onopang'ono ngati kuyenda kwa tambala.

61 kuchipinda kwathu, 55 kwa ana.

23 Disembala

Mapemphero a panja kutsogolo kwa tchalitchi cha Frauenkirche, omwe amachitika tsiku ngati lero chaka chilichonse kuyambira 1993, tchalitchicho chikadali mulu wa miyala. Chinagwa mu Febuluwale 1945 mzindawu utaphulitsidwa, ndipo chinatsegulidwanso mu 2005. Pamakoma ake pamaoneka miyala yakuda apo ndi apo pakati pa yoyera, imeneyo ndi yakale yomwe anaitola pamulu n'kuibwezeretsa. Tinaima ola lathunthu m'khamu, mapazi atachita dzanzi. Mnyamata anafunsa ngati madontho akudawo ndi chuku.

24 Disembala

Kuno tsiku lenileni ndi lero madzulo, osati mawa. Masitolo atseka 2 koloko masana ndipo satsegulanso mpaka pa 27, ndiye m'mawa munali nkhondo ya ngolo m'sitolo. Pofika 4 koloko msewu wathu unali zii, ngakhale galu.

Mtengo tinaulowetsa dzulo. Agogo tinawaitana, ndipo anakwera masitepe atanyamula mbale ya saladi ya mbatata ndi masoseji, chomwe mabanja ambiri kuno amadya usiku umenewu. Ine ndinali nditaphika tsiku lonse, miphika inayi ikuwira, mawindo ali thukuta kamukamu. Asanakhale n'komwe pansi anapita pa kachipangizo kaja, anakweza magalasi, anawerenga 69, n'kundiyang'ana. Sanalankhule. Ndinatsegula ndekha mawindo onse, tonse asanu n'kuima pakati pa balaza titavala majekete, makandulo anayi a pankhata akuvina, bambo a ana atagwira nyenyezi kuti isauluke. Mabelu a matchalitchi ankamveka mbali zonse. Zitatha mphindi zisanu agogo anati basi, ndipo tinakhala pansi kudya.

Mphatso zinatsegulidwa usiku womwewo. Ana anawapatsa agogo chithunzi chojambula pamanja, cha nyumba yathu mawindo onse ali otsegula.

1 Januwale

Makombola amaloledwa kugulitsidwa masiku atatu okha omaliza a chaka, ndipo zikuoneka kuti aliyense anagula ngolo yodzaza. Pakati pa usiku mzinda wonse unaphulika, utsi kuchita kubisa nyumba ya kutsidya kwa msewu. Aka n'koyamba kuti ndidumphe dala kutsegula mawindo, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale a Hausmeister sakanandidzudzula. M'mawa msewu unali mapepala ofiira okhaokha.

12 Januwale

Chipale chagwa chenicheni, ndipo chagwa sabata yathu. M'nyumba muno muli kakhadi kojambulidwa fosholo komwe kamayenda khomo ndi khomo, ndipo yemwe ali nako ndiye wochotsa chipale panjira ya oyenda pansi kutsogolo kwa nyumba. Masiku a ntchito njira iyenera kukhala yoyera pofika 7 koloko m'mawa, Lamlungu 9 koloko, mpaka 8 koloko usiku. Wina akaterereka n'kuthyoka chifukwa sunakolope, mlandu ndi wako. Mchere saloleza kuthira wamba chifukwa umaononga mitengo, timawaza timiyala ta m'chidebe chomwe chili kuchipinda chapansi.

Bambo a ana anatuluka 6 koloko ndi mtima wonse, anakankha mamita atatu, msana unagwira. Ndinamaliza ndine ndi mtsikana. Phunziro la ntchitoyi: chipale chichotsedwe anthu asanachiponde, chifukwa chikapondedwa chimauma gwa ngati simenti. Walira mvula walira matope, ana amene ankachilirira kuyambira Novembala anatopa nacho tsiku lachitatu.

Mtengo wa Khrisimasi tinakausiya pamalo omwe mzinda unakonza otayirapo, titaukoka mumsewu ngati mbuzi yokana kuyenda. Timasamba take ndikutolabe m'kapeti.

25 Januwale

Lero ndakankhanso wadiropu, bambo a ana atagwira tochi. Khoma lili mbee. Ndinaligwira ndi chikhatho paliponse mpaka pansi: n'lozizira, koma louma. Pakona ya windo lathu palibe chabwereranso. Kwa masabata atatu kachipangizo kakusewera pakati pa 49 ndi 56, ndipo m'mawa wa Lachinayi ndinamva mawindo akutsegulidwa ine ndikadali m'bulangete. Anali mnyamata.

Nyenyezi sitinaitsitse. Mtsikana akuti ena amaisiya mpaka pa 2 Febuluwale, ndipo palibe amene ali ndi mtima woimasula timapini tija. Zatsala: Febuluwale yense, yemwe agogo akuti amaluma kuposa Januwale, ndi kalata ya mahita yomwe sitikudziwa kuti idzanena zotani. Ndayamba kupatula kandalama mwezi uliwonse kuti ikadzafika isadzatipeze manja ali m'khosi. Kakhadi ka fosholo kafika pakhomo la agogo sabata ino, ndiye ndakatenga n'kukapachikanso pakhomo pathu.